PHUNZIRO LA ZAUMOYO: KUSAMALA NKHOPE ZATHU NDI ZA ANA ATHU

Chaka chilichonse pa Lachitatu la Phulusa timagwada kutsogolo, wansembe n'kutipaka phulusa pamphumi. Tsiku lomwelo timamva Uthenga Wabwino wa Mateyu Woyera mutu 6, pamene Ambuye athu akulangiza munthu wosala kudya kuti adzole mafuta kumutu ndi kusamba kumaso, asayende ndi nkhope yomvetsa chisoni kuti anthu amuone. Choncho pasapezeke wina pakati pathu wonena kuti nkhani ya nkhope ndi yachibwana kapena yosayenera kukambidwa pa msonkhano wa Mothers' Union. Tikapanda kuiphunzitsa ife, ana athu akaiphunzira kumsika, kwa munthu amene cholinga chake n'chakuti botolo lake ligulidwe basi.

Ife amene tinagwirapo ntchito ya unamwino tinaona nkhope zambiri zoonongeka. Zochepa zokha ndi zimene zinaonongeka chifukwa mwini wake analibe ndalama zogulira zodzola. Zambiri zinaonongeka ndi zinthu zimene mwini wake anagula ndi ndalama zake n'kudzipaka yekha. Nkhope siifuna zambiri. Imafuna madzi oyera, sopo wosawawa, mafuta wamba pang'ono, mthunzi, chakudya chabwino ndi kuleza mtima.

Khungu lathu ndi lotani?

Khungu ndi chofunda chamoyo. Pansi pake pamapangika khungu latsopano nthawi zonse, ndipo lapamwamba limafunduka pang'onopang'ono osaoneka ndi maso. Kwa munthu wachinyamata, khungu latsopano limatenga masabata pafupifupi 4 kuti lifike pamwamba. Kwa ife achikulire limachedwerapo. Tikumbukire chiwerengero chimenechi, chifukwa mankhwala aliwonse olonjeza kusintha nkhope m'masiku 3 kapena 7 sakugwira ntchito limodzi ndi khungu, akuliwotcha kapena kulifoola.

M'khungu muli timabowo totulutsa thukuta ndi tina totulutsa mafuta achilengedwe. Mulinso utoto wotchedwa melanin, umene umatipatsa mtundu wathu wakuda. Utoto umenewu si litsiro. Uli ngati denga lotchinga mphamvu ya dzuwa, ndipo n'chifukwa chake khungu lakuda limachedwa kuchita makwinya ndiponso silidwala khansa yapakhungu kawirikawiri monga khungu loyera. Koma lili ndi vuto lake: likavulala, likapsa kapena likakandidwa, pamalopo pamatsala banga lakuda limene limatenga miyezi kuti lizimirire.

Madzi, sopo ndi kansalu

Tisukusule kawiri pa tsiku, m'mawa ndi madzulo. Mwa ziwirizi, kusamba kwa madzulo ndiko kofunika kwambiri, pakuti ndi pamene timachotsa fumbi la pamsewu, thukuta la kumunda, utsi wa kukhitchini ndi paudala amene tinadzola popita ku ukwati. Madzi akhale ofunda pang'ono kapena ozizira. Madzi otentha kwambiri amachotsa mafuta achilengedwe, nkhope n'kutsala yotuwa mbuu.

Za sopo tinene chilungamo. M'makomo mwathu ambiri, sopo wa mtanda mmodzi yemweyo ndiye wochapira, wotsukira mbale ndi wosambira. Sopo wochapira ndi waukali pa nkhope. Ngati tingakwanitse, tigule kasopo kosambira kopanda fungo lamphamvu, tikasunge ka kumaso kokha, kamakhalitsa. Ngati sitingakwanitse, tisakhule mtandawo pankhope. Tipange thovu m'manja, tipake pang'ono, titsukuluze msanga ndi madzi ambiri, ndipo tichite zimenezi madzulo okha. M'mawa madzi okha akwanira. Koma sopo waufa wochapira zovala asafike kumaso ngakhale tsiku limodzi.

Chinkhupule ndi cha kumsana ndi miyendo, mwala ndi wa zidendene. Nkhope imasambidwa ndi nsonga za zala. Atsikana ambiri amaganiza kuti akakwecha mwamphamvu ziphuphu zichoka ndipo ayera. Chimene chimachitika n'chakuti khungu limatupa, kenako limada kuposa kale. Popukuta tingogunditsa kansalu mofatsa. Aliyense m'nyumba akhale ndi kansalu kake, ngakhale kachidutswa ka chitenje chakale, kochapidwa ndi kuyanikidwa padzuwa. Thaulo limodzi la banja lonse ndilo limayendetsa zipere ndi matenda a maso kuchokera kwa mwana uyu kupita kwa uyo.

Apa tisaiwale adzukulu. M'chaka cha 2022 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linalengeza kuti Malawi wagonjetsa trachoma, matenda a maso amene anachititsa khungu anthu ambiri m'midzi mwathu. Pa njira zimene zinagwiritsidwa ntchito panali mankhwala, maopaleshoni a zikope ndi ukhondo wa pakhomo, komanso panali chinthu chimene mayi aliyense angathe: kusambitsa ana kumaso kuti manthongo ndi mamina zisaitane ntchentche. Tisasiye chizolowezi chimenechi poti matendawo achepa.

Kudzola ndi kudziteteza ku dzuwa

Nthawi yabwino yodzola ndi pamene nkhope idakali yonyowa pang'ono, chifukwa mafuta ntchito yake ndi kutsekera madzi m'khungu. Amene khungu lawo ndi louma, makamaka m'miyezi ya June ndi July pamene mwera ukuwomba ndipo milomo ikuthetheka, Vaseline wamba ndi wokwanira. Titenge kochepa ngati njere ya chimanga, tisungunule m'manja, tipake. Glycerine ndi wabwinonso, koma timusakanize ndi madzi pang'ono, pakuti payekha amanata. Pa milomo yothetheka tipake Vaseline usiku ndipo tileke kuinyambita. Malovu akauma amaumitsa milomo koposa. Agogo athu ankadzola mafuta a nsatsi ndi a mtedza, ndipo nkhope zawo zinkasalala mpaka ukalamba.

Amene nkhope zawo zimatuluka mafuta zokha, zonyezimira pamphuno ndi pamphumi pofika masana, asadzole mafuta olemera kumaso. Angodzola pamene pauma pokha. Tichenjerenso ndi mafuta a tsitsi. Tiziphuphu tambiri ta pamphumi, m'mbali mwa duku kapena wigi, timabwera chifukwa mafuta a kumutu atsikira kumaso ndi thukuta. Duku ndi nsalu ya pilo zichapidwe sabata iliyonse.

Dzuwa la October silisankha munthu. Ngakhale melanin amatiteteza, dzuwa lamphamvu limadetsa mabanga amene alipo kale. Chipewa cha khonde lalikulu popita kumunda ndi ambulera poyenda masana n'zotsika mtengo kuposa mafuta aliwonse. Kwa abale athu achialubino nkhaniyi ndi ya moyo ndi imfa, pakuti khungu lawo lilibe chotchinga chimenechi ndipo khansa yapakhungu imawatenga adakali aang'ono. Ngati m'parishi mwathu muli mwana wachialubino, tiwalimbikitse makolo ake kuti azimuveka chipewa ndi malaya a manja aatali, azifunsa kuchipatala mafuta oteteza ku dzuwa, ndipo kachilonda kalikonse kosapola kakaonedwe msanga.

Ziphuphu zakumaso

Mawu akuti ziphuphu m'Chichewa chathu ali ndi matanthauzo awiri, ndipo onse ndi osautsa. Pano tikunena za kumaso. Zimayamba mwana akamakula, pamene thupi layamba kupanga mafuta ambiri m'khungu. Kabowo kakatsekeka ndi mafutawo pamodzi ndi khungu lofunduka, tizilombo timaswana m'katimo ndipo pamatupa. Amayi ena zimawatuluka akatsala pang'ono kusamba, ena akakhala oyembekezera, ena akayamba njira zina zolera.

Tinene momveka, chifukwa tamva zambiri m'zilangizo: ziphuphu sizitanthauza kuti mtsikana wayamba kuyenda ndi amuna, sizitanthauza kuti akufuna banja, ndipo sizichoka ndi kukwatiwa. Mawu otere apweteka ana ambiri osalakwa, ndipo ena awakankhira kumene sakanapita. Si umve ayi. Mwana wosamba katatu pa tsiku akhoza kukhala nazo.

Lamulo lalikulu ndi lovuta kulisunga: osafinya. Chala chikafinya, mafinya ena amalowa m'kati, pamatupa koposa, ndipo chiphuphu chimene chikanatha m'sabata imodzi chimasiya banga la miyezi 6 kapena chipsera cha moyo wonse. Chikakhala chowawa, tiviike kansalu koyera m'madzi ofunda, tikaike pamenepo kwa mphindi 5, kawiri pa tsiku. Mankhwala otsukira mano, soda, sipiriti ndi adyo wosinja zimawotcha khungu, tisaike.

Ziphuphu zikachuluka, ku famase kuli mankhwala opaka otchedwa benzoyl peroxide. Tiyambe ndi ofooka, a 2.5 kapena 5 peresenti, pang'ono usiku, tsiku lina kupaka tsiku lina kupumula mpaka khungu lizolowere. Amaumitsa khungu poyamba, ndipo amasuwitsa nsalu, choncho tisagonere pilo wabwino. Zotsatira zake zimayamba kuoneka pakatha masabata 6 mpaka 8. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ziphuphu zikuluzikulu zokhala ngati zithupsa zimafuna a dokotala, ndipo mayi woyembekezera anene za pakati pake asanalandire mankhwala akumwa, chifukwa ena mwa iwo, monga doxycycline, sayenera kwa iye.

Za kukhitchini ndi kudimba

Timafunsidwa kawirikawiri za mankhwala a pakhomo. Ena ndi othandiza, bola tidziwe malire ake: amafewetsa ndi kuziziritsa khungu, sachiza matenda. Peyala lakupsa lophwanya bwino, lopakidwa kwa mphindi 15 n'kutsuka, limafewetsa nkhope youma. Uchi weniweni supuni yaing'ono umachita chimodzimodzi. Madzi a m'kati mwa tsamba la aloe vera amaziziritsa pamene papsa ndi dzuwa, koma tiyambe taimika tsambalo kuti utomoni wachikasu utuluke, chifukwa umenewo umanyerenyetsa. Maso akatupa ndi kusagona pa maliro, kansalu konyowa ndi madzi ozizira kapena tizidutswa ta nkhaka pa zikope zotseka n'zokwanira. Chilichonse chatsopano tiyambe tachiyesa pa mkono, tidikire tsiku lathunthu.

Ndimu tilisiye ku tiyi ndi ku nsomba. Madzi a mandimu opakidwa kumaso, munthu n'kutuluka padzuwa, amatha kuwotcha khungu n'kusiya mabanga oposa amene timafuna kuchotsa. Ndipo kunena zoona, peyala limene lalowa m'mimba limathandiza nkhope kuposa limene lapakidwa pamwamba. Nyemba, nsinjiro, usipa, mazira, masamba obiriwira, mango ndi mapapaya ndizo zomanga khungu.

Mafuta oyeretsa khungu

Tsopano tifike pa chimene chatikakamiza kulemba phunziro lino. Mafuta oyeretsa khungu ali paliponse: pa mabenchi a mumsika, m'masaluni, m'zikwama za ochita malonda odutsa malire, ngakhale pa Facebook ndi WhatsApp. Ena amagulitsidwa m'timabotolo topanda dzina, osakanizidwa kunyumba kwa munthu. Ndipo tisanamizane kuti ndi za atsikana a m'tauni okha. Zalowa m'midzi, zalowa m'makwaya, zalowanso pansi pa maduku athu.

Muli zinthu zitatu zoopsa zimene tiyenera kuzidziwa ndi maina. Choyamba ndi hydroquinone. Ameneyu amaletsa khungu kupanga melanin. Madokotala amamulemba nthawi zina pa mabanga ena, kwa miyezi yochepa ndiponso akumuyang'anira wodwalayo. Koma akadzoledwa nkhope yonse kwa zaka, pansi pa dzuwa lathuli, masaya ndi mphumi zimada bii ngati mwaye, khungu n'kukhala lokhakhala ndi timibulu. Matendawa amatchedwa ochronosis. Madokotala a ku South Africa anawalongosola m'chaka cha 1975 ataona amayi ambiri oonongeka nkhope, ndipo m'chaka cha 1990 dzikolo linaletsa hydroquinone m'zodzoladzola. Kuda kumeneku n'kovuta kwambiri kuchiza, ndipo kwa ambiri sikuchoka.

Chachiwiri ndi mankhwala a gulu la steroid, monga clobetasol ndi betamethasone, aja a m'timachubu. Awa ndi mankhwala enieni a matenda ena apakhungu, oyenera kupakidwa masiku owerengeka pa malo odwala okha. Akasanduka mafuta odzola tsiku ndi tsiku, sabata zoyamba nkhope imasalala ndi kuwala, anthu n'kumayamikira. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Khungu limapyapyala mpaka mitsempha kuonekera, ziphuphu zimabuka zambiri, tsitsi limamera m'masaya, m'mikono ndi m'ntchafu mumang'ambika mizere, ndipo zipere zimafalikira chifukwa chitetezo cha khungu chafooka. Mankhwalawa amalowanso m'magazi. Wodzola thupi lonse kwa nthawi yaitali akhoza kudwala shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Anamwino a ku chipinda cha amayi amadziwa mmene chilonda cha opaleshoni chimavutira kupola pa khungu lotere.

Chachitatu ndi mercury, amene pa pepala amalembedwanso kuti calomel, mercurous chloride kapena mercuric iodide, ndipo amapezeka m'mafuta ndi mu sopo. Iyi ndi poizoni. Imaononga impso ndi mitsempha ya ubongo, imadutsa kwa mwana ali m'mimba, imapezeka mu mkaka wa m'mawere, ndipo imatsalira pa thaulo ndi zofunda n'kufikira ena m'nyumba amene sanadzole n'komwe. Maiko a dziko lapansi anagwirizana mu 2013 pa pangano la Minamata lochepetsa mercury, lotchedwa ndi dzina la mzinda wa ku Japan kumene anthu ambiri anadwala ndi kufa ndi poizoni ameneyu. Maiko ena a mu Africa, monga Côte d'Ivoire mu 2015 ndi Rwanda mu 2018, anachita kuletsa mafuta oyeretsa khungu oopsawa. Vuto n'lakuti opanga ena salemba zoona pa botolo. Botolo lopanda maina a zimene zili m'kati, kapena lolonjeza kuyera m'masiku owerengeka, tilitenge ngati lokayikitsa ngakhale litajambulidwa karoti kapena papaya. Mu buku la Estere timawerenga kuti anamwali a ku nyumba ya mfumu ankakonzedwa kwa miyezi 12 yathunthu. Ngakhale mfumu ya Perisiya, ndi chuma chake chonse, inalibe mafuta a masiku 7.

Koma tidzifunse, amayi: mwana amaphunzira kuti kuti kuyera ndiko kukongola? Khanda likangobadwa, ndife amene timathamangira kuyang'ana nsonga za makutu kuti tione ngati lidzade. Ndife amene timati "wapeza mkazi wokongola, woyera bwino." Ndife amene timatcha mwana wina "Chikuda" mongocheza, iye akumva. Ndipo wina akaonongeka nkhope, ndifenso amene timaseka kuti kumaso Fanta, kumiyendo Coca-Cola. Amayi ena amadzola chifukwa bambo a kunyumba ayamba kuyang'ana kwina ndipo akuganiza kuti akayera banja lilimba. Mayi wotere akufunika mnzake womumvera, ndipo nkhani yake yeniyeni ndi ya banja, imene ife a Mothers' Union tinalonjeza kuisamala. Abambo nawonso auzidwe. Tipemphe ansembe athu kuti nkhaniyi ikafike ku misonkhano yawo.

Amene wayamba kale kudzola asataye mtima, koma adziwe chimene chikubwera. Akasiya, makamaka mafuta a steroid, nkhope imayabwa, imafiira, imatuluka nsungu ndipo imada kuposa poyamba kwa masabata angapo, nthawi zina miyezi. Apa ndi pamene ambiri amabwerera ku botolo. Amene wadzola kwa nthawi yaitali kapena thupi lonse asasiye yekha mwadzidzidzi. Apite kuchipatala ndi botololo m'manja kuti amuthandize kusiya pang'onopang'ono, amuyeze shuga, magazi ndi mkodzo. Pa nthawi imeneyi asambe ndi sopo wofatsa, adzole Vaseline, apewe dzuwa. Ife ntchito yathu ndi kumuperekeza ndi kutseka pakamwa pathu pa za maonekedwe ake.

Mawanga amene si a kukongola chabe

Si banga lililonse limene ndi nkhani ya zodzola. Chipere, chozungulira ngati ndalama, choyabwa ndi chokhakhala m'mphepete, chimachira ndi clotrimazole kapena Whitfield wopakidwa kawiri pa tsiku kwa masabata 2 mpaka 4, osasiyira panjira. Cha m'mutu mwa mwana chimafuna mankhwala akumwa. Mawanga akuda a m'masaya ndi pamphumi pa nthawi ya pakati kawirikawiri amazimirira okha mwana akabadwa; chofunika ndi mthunzi.

Koma pali zina zosafunika kudikira. Banga lotuwa kapena lofiirira losayabwa, limene munthu samva akakhudzidwa ndi thonje, likhoza kukhala khate. Khate lidakalipo, limachira, ndipo mankhwala ake ndi aulere. Khungu lakuda lokhakhala ngati lopsa m'khosi, kumaso ndi kunja kwa manja, pamodzi ndi kutsekula m'mimba kapena kusokonezeka maganizo, ndi pellagra, matenda a kusowa zakudya zina m'thupi mwa munthu wodalira nsima yokha yopanda ndiwo zokwanira. Timawaona kwambiri m'miyezi ya njala ndi mwa okonda kachasu. Mabanga akuda mofiirira otukuka pamphuno, m'kamwa kapena m'miyendo, matuza owawa a mbali imodzi ya nkhope, ndi nsungu zosamva mankhwala zimafuna kukayezetsa magazi kuti tidziwe za HIV, pakuti ma ARV alipo ndipo amagwira ntchito. Matuza a mbali imodzi akayandikira diso, tipite tsiku lomwelo. Ndipo mayi woyembekezera akatupa nkhope ndi manja, mutu ukuwawa kapena akuona zinthu mwachimbuuzi, asadikire tsiku la sikelo. Kumeneko kukhoza kukhala kukwera kwa magazi kumene kumapha mayi ndi mwana.

Zipatala za mpingo wathu, St Luke's ku Malosa, St Martin's ku Malindi, St Anne's ku Nkhotakota ndi St Peter's ku Likoma, pamodzi ndi zipatala za boma zapafupi, ndi poyambira pabwino. Zikavuta, atitumiza kwa akatswiri a khungu ku Queen Elizabeth ku Blantyre kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe.

Pempho kwa atsogoleri a nthambi

Pa msonkhano wotsatira, aliyense abwere ndi sopo ndi mafuta amene amadzola iye ndi ana ake aakazi. Tiziike zonse m'dengu limodzi lovundikira polowa, kuti pasadziwike kuti botolo ili ndi la yani. Mlembi alembe pa bolodi maina aja: hydroquinone, clobetasol, betamethasone, mercury, calomel. Kenako amene maso awo akuonabe zilembo zazing'ono awerenge botolo lililonse mokweza. Ngati m'parishi muli namwino kapena mlangizi wa zaumoyo, aitanidwe. Atsikana a St Agnes akhale nafe tsiku limenelo, ndipo kuwerengako tiwapatse iwo.